Mkazi wamfupi ndi kulemera kwa thupi: poyambira, muyezo wa chakudya ndi zimene zimasokoneza

Makilogalamu 5 sakhala ofanana pa thupi lililonse. Mkazi wa masentimita 170 akawonjezera makilogalamu amenewa, mwina siketi imangothina pang'ono basi. Wa masentimita 150 akawonjezera omwewo, amawamva m'maondo pokwera phiri, ndipo kuchipatala amapezeka kuti wadumpha malire a kulemera koyenera. Thupi lalifupi lili ndi malo ochepa oti mafuta amwazikepo, komanso limagwiritsa ntchito chakudya chochepa pa tsiku. Choncho mpata wa pakati pa kudya zokwanira ndi kudya zopitirira ndi wochepa kwambiri, moti supuni ziwiri za mafuta ophikira zingathe kuutseka.

Malangizo awa ndi a amayi ndi atsikana a zaka 18 kupita m'tsogolo amene kutalika kwawo kuli cha m'ma 155 kapena kucheperapo. Ngati muli oyembekezera, pitani kaye ku gawo lomaliza musanasinthe kalikonse.

1. Dziwani kutalika kwanu kwenikweni

Ambiri amangotchula nambala imene analembedwa kalekale m'buku la kuchipatala. Yezaninso. Vulani nsapato ndi duku, ndipo ngati mwaluka tsitsi lomangira pamwamba limasuleni. Imani pa simenti, zidendene, matako ndi mapewa zikhudze khoma, maso ayang'ane kutsogolo. Wina aike buku lachikuto cholimba pamutu panu, logundana ndi khoma, alembe chizindikiro kunsi kwa bukulo. Kenako ayeze ndi tepi ya telala kuchokera pansi. Masentimita awiri kapena atatu a tsitsi amasintha masamu onse otsatirawa.

2. Sikelo ndi BMI

BMI, nambala yoonetsa ngati kulemera kwanu kukugwirizana ndi kutalika kwanu, imapezeka pogawa makilogalamu anu ndi kutalika kwanu m'mamita kochulukitsidwa ndi iko komwe. Wa mamita 1.50 achulukitse 1.5 ndi 1.5, apeza 2.25. Ngati akulemera makilogalamu 60, agawe 60 ndi 2.25, apeza 26.7. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati kuyambira 18.5 mpaka 24.9 ndi pabwino, 25 mpaka 29.9 ndi kunenepa kopitirira muyezo, ndipo 30 kupita m'mwamba ndi kunenepa kumene kumaika moyo pachiswe.

Kuti musavutike ndi masamu, malire abwino ali motere:

Masentimita 145: makilogalamu 39 mpaka 52
Masentimita 150: makilogalamu 42 mpaka 56
Masentimita 155: makilogalamu 44 mpaka 60

Wa masentimita 170 amaloledwa kufika 72. Nambala ya pa sikelo ya mnzanu wamtali ilibe kanthu ndi inu.

Taonaninso kuti pakati pa 42 ndi 56 pali makilogalamu 14. Palibe chifukwa chothamangira kumunsi kwa malirewo. Mayi wa mafupa akuluakulu ndi minofu yolimba chifukwa cha khasu angathe kukhala bwinobwino pa 55, ndipo kumukakamiza kufika 45 n'kumuvulaza.

Kwerani sikelo kamodzi pa sabata, tsiku lomwelo, m'mawa mutapita kuchimbudzi koma musanadye, mutavala zopepuka. Sikelo ikhale imodzimodziyo ndipo ikhale pa simenti, chifukwa pa mkeka kapena pa kapeti imanama. Masiku oyandikira kusamba thupi limasunga madzi ndipo sikelo ingakwere ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri. Amenewo si mafuta. Yerekezani sabata inayake ya mwezi uno ndi sabata ngati yomweyo ya mwezi watha.

3. Chingwe chimanena zimene sikelo sinena

Mafuta owopsa kwambiri ndi a m'mimba, amene amazinga chiwindi ndi matumbo. Ndiwo amayenda limodzi ndi matenda a shuga ndi BP. Munthu angathe kukhala ndi BMI ya 23 koma mimba ili patsogolo.

Dulani chingwe chofanana ndendende ndi kutalika kwanu. Chipindeni pakati. Chizungulizeni pamimba, pakatikati pa nthiti yomaliza ndi nsonga ya fupa la m'chiuno, kumene nthawi zambiri kumakhala pamwamba pang'ono pa mchombo. Pumirani kunja mwachizolowezi, osakoka mimba. Ngati nsonga za chingwe chopindacho zakumana, muli bwino. Ngati zalephera kukumana, mpata umene watsalawo ndiye ntchito yanu.

Lamulo lake ndi lakuti mimba isapitirire theka la kutalika. Wa masentimita 150 asadutse 75. Mabuku ambiri amatchula masentimita 80 ngati malire a akazi onse, koma kwa mkazi wamfupi 80 amakhala atachedwa kale.

4. Thupi lanu limafuna chakudya chochuluka bwanji

Pa mapaketi a zakudya mumaona atalemba makalori 2,000 pa tsiku; makalori ndi muyezo wa mphamvu zimene chakudya chimapatsa thupi. Kwa akazi ambiri aafupi amene ntchito yawo ndi yokhala pansi, nambala imeneyi ndi yaikulu.

Nayi njira imene akatswiri a zakudya amawerengera mphamvu zimene thupi la mkazi limagwiritsa ntchito likungopuma. Chulukitsani makilogalamu ndi 10. Chulukitsani masentimita ndi 6.25, muphatikize. Chotsanipo zaka zanu zochulukitsidwa ndi 5, kenako muchotsenso 161. Mayi wa zaka 35, masentimita 150, makilogalamu 60 apeza pafupifupi 1,200. Tsopano chulukitsani ndi 1.4 ngati mumakhala mu ofesi, mu shopu kapena pa makina osokera tsiku lonse, zomwe zikupereka pafupifupi 1,700. Ngati mumalima, kutunga madzi ndi kuyenda mitunda tsiku ndi tsiku, chulukitsani ndi 1.7, mupeza cha m'ma 2,000.

Mwamuna wa masentimita 172 ndi makilogalamu 70 amafuna cha m'ma 2,400. Mayi wa mu ofesi uja akamadya mofanana ndi bambo wa kunyumba, mtanda kwa mtanda, ndiye kuti tsiku lililonse akuwonjezera makalori mazana angapo amene thupi lake lilibe nawo ntchito. Kunenepa kwa amayi ambiri akangolowa m'banja kumayambira pamenepa.

Ngati mukufuna kutsika, chotsani makalori 250 mpaka 300 pa tsiku, osapitirira apo. Langizo lofala lochotsa 500 kapena kuposerapo limayenera matupi aakulu. Inu mukachotsa 500 pa 1,700 mwafika pa 1,200, pamene n'kovuta kupeza ayironi wothandiza kupanga magazi, kashiamu wolimbitsa mafupa ndi zomanga thupi zokwanira. Pansi pa 1,200 musafikepo popanda dokotala wokuyang'anirani. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi ili ndi makalori pafupifupi 7,700, choncho yembekezerani kutsika ndi kilogalamu imodzi pa mwezi, mwina kuposerapo pang'ono poyambirira. Zikuoneka zochedwa, koma kwa munthu wa makilogalamu 60, kutsika ndi atatu okha kumayamba kale kuthandiza BP ndi shuga wa m'magazi.

5. Kumene makalori 300 amabisala

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa ambiri amathamangira kusiya nsima pamene vuto lili mu botolo la mafuta ndi m'kapu ya tiyi.

Mafuta ophikira. Supuni yaikulu imodzi ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo lita imodzi ili ndi oposa 8,000. Lembani tsiku limene mwatsegula botolo ndi tsiku limene latha. Banja la anthu 5 likamaliza malita awiri pa mwezi, aliyense akudya makalori 110 a mafuta pa tsiku. Likamaliza pa masabata awiri, ndi oposa 200. Siyani kuthira kuchokera m'botolo. Gwiritsani ntchito supuni, ndipo poto wa ndiwo za banja lonse akwane ndi supuni imodzi kapena ziwiri. Anyezi akafuna kupserera, thirani timadzi ndi tomato, osati mafuta ena.

Nsinjiro. Mtedza ndi chakudya chabwino zedi, koma ndi wodzaza mphamvu: dzanja limodzi la mtedza wokazinga, magalamu 30, lili ndi makalori pafupifupi 170. Nkhwani wotendera safunanso mafuta. Sankhani chimodzi, nsinjiro kapena mafuta. Ndipo mtedza wodya pocheza muziutapa kamodzi m'dzanja n'kutseka chitini.

Shuga. Supuni ya tiyi yosadzaza mosefukira ili ndi magalamu 4, makalori 16. Yosefukira, imene ndiyo ambiri timathira, imatsala pang'ono kuwirikiza. Makapu awiri a tiyi, iliyonse supuni zitatu zosefukira, akupitirira makalori 150. WHO imati shuga wothira asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu za tsiku, ndipo theka la pamenepo ndi bwino koposa. Kwa inu ndiye kuti supuni za tiyi zosasefukira zosapitirira 10 pa zonse za tsikulo, makamaka 5. Botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi la mamililita 300 lingathe kukhala ndi supuni 7 kapena 8. Thobwa ndi maheu othira shuga, majuwisi a m'mapaketi ndi mowa zili m'gulu lomweli: zimalowa osakhutitsa. Chepetsani shuga wa mu tiyi ndi theka la supuni sabata iliyonse. Lilime limazolowera, pamene kusiya tsiku limodzi kumabwezera munthu m'mbuyo.

Zokazinga za pamsewu. Mandasi, zitumbuwa, tchipisi ndi zibwente zimamwa mafuta. Zikhale za apo ndi apo, osati kadzutsa wa tsiku lililonse. Mbatata yophika, chimanga chootcha kapena nthochi zimagwira m'mimba pa mtengo wofanana.

Nsima. Sikofunika kuisiya. Ufa wa magalamu 100 uli ndi makalori pafupifupi 360, ndipo mtanda wapakatikati umakhala pakati pa 200 ndi 300 malinga ndi kukula kwa chipande ndi kulimba kwa nsimayo. Muyezo wanu ndi chibakera chanu: mtanda umodzi waukulu ngati chibakeracho pa chakudya chilichonse, umodzi ndi theka tsiku limene mwagwira ntchito ya kumunda. Ubwino wa muyezo wa dzanja ndi woti umakula ndi mwini wake. Mpunga, kondowole, mbatata ndi chinangwa muyezo ndi womwewo, ndipo pa chakudya chimodzi pakhale chimodzi mwa izi. Mgaiwa sikuti uli ndi makalori ochepa kuposa ufa woyera, koma gaga wake amachedwetsa njala ndipo amasunga mavitamini amene amatayika pokonola ndi kuviika.

Kenako pali timizere tosawerengedwa: kulawa ndiwo kangapo pophika, kumalizitsa phala limene mwana wasiya, nkhoko za mpunga potsuka mapoto. Kwa munthu wamtali izi zimangosowa. Kwa inu zingakwane makalori 300 onse aja.

6. Kakonzedwe ka mbale

Pakulani m'mbale yanuyanu musanayambe kudya, ngakhale ena onse akudyera pamodzi. Mbale ya masentimita 20 mpaka 22 m'mimba mwake ndi yokwanira. Theka likhale masamba: mpiru, bonongwe, chisoso, kholowa, chigwada, kabichi, therere. Gawo limodzi mwa magawo anayi likhale ndiwo zomanga thupi, lotsalalo ndiye nsima. Yambani ndi masamba ndi ndiwo. Mukamaliza dikirani mphindi 15 mpaka 20 musanaganize zowonjezera, pakuti uthenga wakuti mwakhuta umachedwa kufika kumutu.

Magulu 6 a zakudya amene amaphunzitsidwa kusikelo ku Malawi, zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi mafuta, onse akhalepo pa tsiku. Mukamadya zochepa, chilichonse cholowa chiyenera kukhala ndi phindu.

Zomanga thupi zikhale pafupifupi magalamu 1.2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lanu, kutanthauza 60 mpaka 70 pa tsiku kwa ambiri. Dzira limodzi limapereka 6, kapu ya nyemba zophika pafupifupi 15, kapu ya mkaka kapena chambiko 8, ndipo nsomba kapena nkhuku yaikulu ngati chikhatho chanu 20 mpaka 25. Soya pisi, nandolo, khobwe ndi nzama ndi zotsika mtengo ndipo zimagwira ntchito yomweyo. Zigaweni pa chakudya chilichonse. Tiyi ndi buledi yekha m'mawa ndi amene amakutumizani kwa wogulitsa mandasi 10 koloko.

Tsiku limodzi lingaoneke motere. M'mawa kapu ya phala la mgaiwa losakaniza ufa wa soya, ndi dzira lophika. Masana chibakera cha nsima, nyemba ndi mpiru wambiri. Cha m'ma 4 koloko gwafa, papaya kapena mango limodzi. Madzulo chibakera cha nsima, usipa wa tomato ndi nkhwani.

Usipa, matemba ndi kapenta muzidya ndi minga yake. Akazi a thupi laling'ono ali pa chiopsezo chachikulu cha kufooka kwa mafupa akasiya kusamba, ndipo kashiamu wa m'tinsomba timeneti ndi wosavuta kupeza. Ayironi nayenso musamuiwale: kafukufuku wa boma wa za umoyo wa mu 2015-16 anapeza kuti amayi pafupifupi 33 mwa 100 alionse ku Malawi anali ndi magazi ochepa. Tiyi amatsekereza ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba, choncho mumwe patapita ola mutadya. Ndimu, tomato, malambe ndi magwafa zimathandiza ayironiyo kulowa. Soda wothira mu therere ndi m'masamba amawononga mavitamini ena, ndiye achepe. Mchere usapitirire supuni imodzi ya tiyi pa tsiku, kuphatikizapo wa m'tizokometsera ta m'mapaketi.

7. Kuyenda ndi kulimbitsa minofu

WHO imalimbikitsa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za ntchito yopumitsa mofulumira, monga kuyenda ndawala, ndi masiku awiri kapena kuposerapo olimbitsa minofu. Dziwani kuti thupi lopepuka limatentha zochepa: mphindi 30 za kuyenda mwachangu zimatenga makalori 100 mpaka 120 kwa mkazi wa makilogalamu 55 kapena 60. Ndasi limodzi lalikulu lingabweze zonsezo. Kuyenda kumathandiza mtima, shuga ndi tulo, koma kutsika kwa sikelo kumachokera makamaka kukhitchini.

Minofu ndiyo imateteza kuti zimene mukutaya zikhale mafuta. Simukufunika jimu. Chigubu cha malita 5 chodzaza madzi ndi makilogalamu 5.

Khalani ndi kudzuka pampando osagwira paliponse. Sankhani mpando kapena benchi loti mapazi anu afike pansi onse, chifukwa mipando yambiri ndi yaitali kwa inu ndipo simupindika mokwanira. Zikaphweka, kumbatirani chigubu pachifuwa. Kankhani khoma ndi manja, thupi lili chilili, kenako mudzasamukire pa thebulo lolimba. Weramani msana uli wowongoka, dzanja limodzi pa mpando, linalo likoke chigubu kufika m'chiuno. Kwerani ndi kutsika pa sitepe ya masentimita 15 mpaka 20. Gonani chagada, mawondo opinda, n'kumakweza chiuno. Chilichonse kasanu ndi katatu mpaka ka 12, maulendo awiri kapena atatu, ndipo pakati pa masiku olimbitsa pakhale tsiku lopuma. Mukafika ka 12 osatopa, wonjezerani madzi m'chigubu. Kuwawa kwa minofu tsiku lotsatira n'kwachibadwa, koma kubaya m'bondo kapena m'msana n'chizindikiro choti muime.

Amene mumalima, kusinja ndi kusenza madzi, zambiri mwa izi mukuchita kale. Chenjerani nyengo yokolola ikatha: ntchito imachepa, chakudya chimachuluka, koma mtanda umakhala womwe uja wa nthawi ya dzinja.

8. Zikaima kapena kubwerera m'mbuyo

Sikelo ikakhala malo amodzi masabata anayi, yezani ndi chingwe kaye. Ngati mimba ikuchepa, zikuyenda. Ngati zonse zaima, lembani chilichonse cholowa m'kamwa kwa masiku atatu, limodzi likhale Loweruka. Nthawi zambiri mupeza kuti supuni ya mafuta yabwerera kukhala botolo, kapena kuti zinkhoswe ndi maukwati a kumapeto kwa sabata zikufafaniza zonse za masiku asanu. Makalori 300 pa masiku asanu ndi 1,500 okha, ndipo mbale imodzi ya paukwati ndi zakumwa ziwiri zingafike pamenepo.

Kudumpha kadzutsa ndi nkhomaliro kumathera pa mitanda itatu usiku. Kugona maola ochepera 7 kumawonjezera njala ya zotsekemera.

Tiyi wochepetsa thupi amene amagulitsidwa pa WhatsApp ndi Facebook nthawi zambiri amakhala ndi mankhwala otsegula m'mimba kapena okodzetsa. Chimene chimachoka ndi madzi ndi mchere wa m'thupi, ndipo kutsegula m'mimba kwambiri kungalepheretse mapiritsi olera kugwira ntchito. Malamba omanga pamimba amangofinya, ukamasula zonse zili pomwepo. Mbali inayo kuli mapiritsi onenepetsa. Ena ndi cyproheptadine, amene amawonjezera njala ndi kugonetsa. Ena ndi dexamethasone kapena prednisolone, amene akamwedwa nthawi yaitali popanda dokotala amatupitsa nkhope ndi mimba, amakweza BP ndi shuga, ndipo amafewetsa mafupa. Amene wawamwa kwa masabata angapo asawasiye mwadzidzidzi, apite kuchipatala akamuchepetsere pang'onopang'ono.

Mankhwala ena ofunikira amanenepetsa anthu ena: jakisoni wolera wa Depo, ma ARV okhala ndi dolutegravir, insulin ndi ena a matenda a maganizo. Musasiye nokha ngakhale tsiku limodzi. Tengani manambala anu a sikelo ndi a chingwe mukawaonetse achipatala. Ngati mukunenepa pamodzi ndi kutopa kosatha, kumva kuzizira ndi kudzimbidwa, pemphani akuyezeni chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kamene kamayendetsa mmene thupi limagwiritsira ntchito chakudya.

Palinso pakamwa pa anthu. Kwathu kuno "mwanenepatu, bambo akukusamalani" ndi chiyamikiro, ndipo mayi akatsika thupi manong'onong'o a matenda sachedwa. Kutsika ndi kilogalamu imodzi pa mwezi kuli ndi ubwino wina pamenepa: nkhope sigwa, ndipo anthu amangoona kuti zovala zikukukhalani.

9. Oyembekezera, oyamwitsa ndi owonda

Nthawi ya pakati si yochepetsera thupi. Amene anayamba ndi BMI yabwino amayenera kuwonjezera makilogalamu 11.5 mpaka 16, a BMI ya 25 mpaka 29.9 makilogalamu 7 mpaka 11.5, ndipo a BMI ya 30 kupita m'mwamba 5 mpaka 9. Miyezi itatu yoyambirira thupi silifuna chakudya chowonjezera kwenikweni. Ngati simufika masentimita 150, onetsetsani kuti anamwino a kusikelo alemba kutalika kwanu ndipo mwakambirana nawo za kumene mukachilire, chifukwa chiopsezo choti mwana avute kudutsa pobadwa ndi chokulirapo kwa amayi aafupi. Woyamwitsa amafuna makalori owonjezera pafupifupi 500 pa tsiku m'miyezi 6 yoyamba, choncho achepetse shuga ndi zokazinga zokha, osati nsima ndi ndiwo.

Kafukufuku wa 2015-16 uja anapeza amayi 21 mwa 100 ali onenepa mopitirira, komanso 7 mwa 100 ali owonda kwambiri. Ngati BMI yanu ili pansi pa 18.5, chitani motembenuza: idyani kasanu pa tsiku, thirani nsinjiro m'phala, wonjezerani mapeyala, mkaka, mazira ndi supuni ya mafuta m'ndiwo, ndipo limbitsani minofu kuti zolowazo zisangokhala pamimba.

Pitani kuchipatala msanga ngati mwasiya kusamba miyezi itatu musali oyembekezera, ngati mukuopa chakudya kapena kudzisanzitsa mukadya, kapena ngati mwatsika makilogalamu awiri kapena atatu m'miyezi yochepa musanasinthe kadyedwe. Kutsika kotereku kukabwera ndi chifuwa, thukuta la usiku, ludzu losatha kapena kukodza pafupipafupi, pemphani kuyezedwa TB, HIV ndi shuga pa ulendo womwewo.